Mainchi Atatu a Ndodo ya Malemu Bambo

Amayi anga ndi telala. Akhala akusoka m'kachipinda komweko kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, kachipinda ka zenera limodzi, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Anthu amawatcha Anatepi chifukwa tepi yoyezera siichoka m'khosi mwawo. Ndi munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, koma ali ndi nthenda imodzi: sangaone chinthu osafuna kudziwa kutalika kwake. Tsiku lina atabwera kudzandiona kuchipatala kumene ndimagwira unamwino, ndinawapeza akuyeza bedi, wodwala ali gone pomwepo akuwayang'ana.

Bambo anga anali wamtali mwakuti anzawo ankawatcha Mlongoti. Ntchito yawo inali yotchetcha kapinga kubwalo la gofu. Lolemba m'mawa bwalolo limatsekedwa kwa mamembala ndipo antchito amaloledwa kusewera, choncho bambo anaphunzira gofu ali ndi ovolosi pathupi. Anali ndi ndodo imodzi yawoyawo, ija yaitali kuposa zonse, ya mutu waukulu ngati chibakera, yomenyera mpira woyamba kuti upite kutali. Osewera amaitcha dalaivala. Amayi ankaseka dzinalo. "Dalaivala wanji wosadziwa msewu?" Iwo kubwaloko ankangopitako kukapereka timbendera tomwe ankasoka, tija timaimikidwa pamaenje.

Bambo atamwalira, ndodoyo inakhala kuseri kwa wadiropu zaka ziwiri. Ndiye m'mawa wina amayi anaitenga kuti akokere mpukutu wa nsalu umene unali pamwamba, ndipo poti inali kale m'manja, anaiyeza. Mainchi 46. Anaima pakhoma nadziyeza okha: mainchi 60. Anaima kaye, ndodo m'manja, akudzifunsa kuti munthu amamenya bwanji kampira kochepa ngati dzira ataima patali chonchi.

Lolemba lotsatira anapita ndi timbendera, ndodo ili m'khwapa. Kuseri kwa nyumba ya mamembala kuli kashedi komwe amakonzeramo ndodo zothyoka. Mwini kashediko ndi bambo wachikulire wa magalasi omangidwa ndi waya, amene aliyense amangomutcha Amisiri.

"Mwabwera kudzagulitsa, mayi?" anafunsa Amisiri ataizindikira ndodoyo.

"Ayi. Ndabwera kudzamenya."

Amisiri anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Kenako anatenga chidebe cha mipira yakutha n'kuwatsogolera kumalo ophunzirira.

Ndimo mmene amayi anayambira gofu ali ndi zaka 56. Kwa chaka chathunthu ankapita Lolemba lililonse. Kumenya anaphunzira, koma mpira sunkawamvera. Wina unkathawira kumanja m'mitengo, wina unkakwawa pansi ngati buluzi, wina unkagwera m'dziwe. Komabe pa mipira khumi, umodzi unkachoka ndi kaphokoso kokoma, kuti thwa, n'kuuluka molunjika mpaka antchito onse kuimitsa zochita. Mpira umodziwo ndi umene unkawasowetsa mtendere. Madzulo akupinda zovala ankandifunsa, ngati kuti ine ndikudziwa: "Iwe, munthu yemweyo, ndodo yomweyo, mkono womwewo. Nanga isanu ndi inayi ija ikulakwa pati?"

Bambo aang'ono, mng'ono wa malemu bambo, amayendetsa thirakitala pabwalo lomwelo. Iwo yankho anali nalo kale.

"Alamu, vuto ndi inu, si ndodo. Ndodo ikatalika, mutu wake umazungulira patali, umafika pampira uli ndi liwiro. Kutalikako ndiye mphamvu. Akulu anga ankaponya mpira kupitirira mtengo uwo."

"Akulu anuwo jekete yawo inkandifika m'maondo," anayankha amayi. "Munandionapo nditavala?"

Komabe sanafune kutsutsa ndi pakamwa. Lolemba linalo anatulutsa choko cha utelala, chija cholembera pansalu, n'kupaka kumaso kwa mutu wa ndodo mpaka kuyera. Atamenya mpira anatembenuza ndodoyo. Pachokopo panali kachizindikiro kozungulira, kosonyeza pamene mpira wagunda. Kanali kunsonga kwenikweni. Anapakanso, namenyanso: ulendo uno kanali kuchidendene, pafupi ndi mpini. Pa mipira khumi, umodzi wokha unagunda pakati, ndipo unali womwe uja wouluka bwino.

Amisiri anali ataima kumbuyo, manja m'thumba.

"Zimenezo azungu amagulira mapepala apadera," anatero. "Inu mwangotenga choko?"

"Ndiuzeni ichi, Amisiri. Ndikafuna kulowetsa ulusi pasingano, ndimagwira ulusiwo pafupi ndi nsonga. Ndikaugwira patali umagwedera. Si zomwezi?"

"Ndi zomwezo. Alamu anu sakunama, ndodo yaitali imathamangadi. Koma liwiro logunda m'mbali n'lotayika. Tayesani kugwira m'munsi pang'ono."

Amayi sadziwa mawu akuti pang'ono. Analemba mizere inayi pachogwirira, yotalikirana inchi imodzi imodzi, ndipo kwa milungu isanu ndi umodzi ankamenya mipira khumi pamzere uliwonse. Akatha ankayenda kukaitola, akuwerenga mapazi mokweza, kenako n'kulemba kuseri kwa kabuku kawo ka miyezo, pansi pa ziuno ndi mapewa a makasitomala. Lolemba limodzi ndinawaperekeza nditachoka kuntchito. Ndinaona mayi wamfupi wa duku akudumphadumpha pakapinga wonyowa, akunena kuti "handiredi twente-wani, handiredi twente-thuu," otchetcha akumupatsa njira mwaulemu ngati woyeza malo wa boma.

Zimene anapeza zinali izi. Akagwira kumapeto, mpira wawo wabwino unkafika mapazi 190, koma unali umodzi, inayo ili m'tchire. Akagwira pamzere wachitatu, wabwino koposa unkafika 178 basi, koma isanu ndi iwiri inkagwera pakapinga wometa, moyandikana ngati nkhuku zodyera pamodzi. Pamzere wachinayi mipira inkalunjikabe koma inkafupika kwambiri.

"Ndidula mainchi atatu," anatero Lamlungu lina masana, bambo aang'ono atabwera kudzationa.

Bambo aang'ono anaika kapu pansi.

"Alamu, imeneyo ndi ndodo ya malemu. Chinthu chimodzi chokha chimene anasiya chili ndi thukuta la manja awo. Bwanji osangogwira m'munsi momwemo?"

"Chotsalacho chimandigunda pamimba."

"Ndiye mudule mkono wa akulu anga chifukwa cha pamimba?"

Amayi anasalaza nsalu ya patebulo ndi chikhatho. Ine ndinaganiza kuti agonja. Koma anati, motsitsa mawu: "Malaya awo onse ndinawaphwasula, ndinasokera zidzukulu. Akuvala. Ndodoyi ndikaisiya momwe ilili ibwerera kuseri kwa wadiropu." Bambo aang'ono anatsanzika msanga, ndipo kwa milungu itatu sanaponde pakhomo pathu.

Amisiri ndiwo anadula. Anang'amba labala wa chogwirira, nakulunga tepi yomata pampini kuti usanyenyeke, amayi n'kulemba mzere ndi dzanja lawo. Anayeza katatu. Sowo itayamba kulira amayi anayang'ana kumbali. Kachidutswa kanagwa pansi n'kugubuduka mpaka pansi pa benchi, ndipo anakatola n'kukaika m'thumba la diresi.

Tsoka lake, itavekedwa labala watsopano amayi n'kupita kukayesa, ndodoyo inali ngati ya munthu wina. Mipira inabalalika kuposa kale. Amayi anabwerera kunyumba, nakhala pamakina osokera osapalasa.

"Yapepuka," anandiuza pamapeto pake. "Sindikuumva mutu. Ndikumenya ngati ndagwira bango. Ndachotsa kumwamba, nanga kwapepuka bwanji kumunsi?"

Ndinaona kuti akufuna kulira, koma funsolo linawagwira kuposa misozi. M'mawa mwake, ngakhale silinali Lolemba, anatseka shopu n'kupita kukashedi. Amisiri anavomera kuti anaiwala kuwachenjeza. Anaika ndodoyo pachala chawo kuti ilendewere, nawaonetsa kuti pokhazikika pake pasuntha. Mutu sunachepe kulemera, anatero, koma wayandikira manja, monga mwala womangidwa kunsonga ya mtengo wautali umalemera m'manja kuposa womangidwa ku waufupi. Mankhwala ake ndi kumata kachitsulo kolemera pamutupo, koma iwo kanali katawathera.

"Kolemera bwanji?"

"Ngati makobidi awiri kapena atatu."

Amayi anaseka koyamba chidulireni ndodo. M'shopu mwawo muli botolo lodzaza timitovu tathyathyathya, tija amasokerera mumpendero wa makatani kuti agwe mowongoka. Anabwera nato tsiku lomwelo. Amisiri anatisula ndi hamala mpaka kupyapyala, n'kumamata kamodzikamodzi pansi pa mutu, amayi akuyesa. Pa kachitatu anati, "Basi. Wabwerera."

Kuyambira pamenepo mpira wa amayi unadziwa msewu. Sufika kumene unkafika uja umodzi wa mwayi, ndipo iwo amavomereza kuti nthawi zina amausowa. Koma masiku ano amamaliza maenje asanu ndi anayi ndi mpira womwe anayamba nawo, pamene anyamata amphamvu a m'khitchini ya mamembala amathera theka la m'mawa akufufuza m'tchire.

Bambo aang'ono anaonerera zonsezi ali pathirakitala. Tsiku lina anaizimitsa, natsika ndi ndodo yawo.

"Alamu, choko chija chilipo?"

Amayi anasangalala mobisa. Anali otsimikiza kuti nawonso afunika kudula, mwina mainchi awiri. Anapaka choko, nalemba mizere, nawauza kuti amenye. Bambo aang'ono anagwira kumapeto kwenikweni, ndipo pa mipira khumi, isanu ndi itatu inagunda pakati. Atagwira m'munsi, mipira inangofupika popanda kuwongoka kuposa pamenepo. Anabwereza sabata yotsatira, zotsatira zake zomwezo.

"Ndiye ndidule zingati?" anafunsa, akudziwa kale yankho.

"Musadule," anatero amayi, nkhope ili gwa. "Yanuyo ili bwino."

Bambo aang'ono anaseka mpaka kutsamira tayala la thirakitala, ndipo madzulo ake anabwera kunyumba ndi malalanje.

Amayi zinawadabwitsa, chifukwa bambo aang'ono si wamtali kwenikweni. Anayamba kuyeza aliyense wovomera: msinkhu, mkono, kuchokera pamfundo ya dzanja kufika pansi. Mlonda wamtali wa pageti anapezeka kuti amamenya bwino ndi ndodo yofupikitsidwa inchi ndi theka. Mayi wina wochapa matawulo, wamfupi ngati iwo, amagunda pakati ndi ndodo yaitali ya amuna popanda vuto. Miyezo ya thupi ikukana kugwirizana ndi choko, ndipo kwa telala zimenezi n'zovuta kumeza.

Pano akuganiza kuti nkhani ili m'chiuno, mmene munthu amatembenukira. Sabata yatha anandipempha kuti ndiwabwerekere kuchipatala kachipangizo kaja ka madokotala a mafupa, koyezera kupindika kwa mfundo. Ndinawauza kuti sikatuluka m'chipatala. Anandifunsa maonekedwe ake, ndinawajambulira papepala, ndipo dzulo ndinawapeza akudula katoni ya nsapato, alumikiza zidutswa ziwiri ndi batani pakati, wometa tsitsi wa khomo loyandikana ataima chilili, manja m'mwamba, akudikira kuti amuyeze.