Makoswe Ogona pa Nyale

Mwana wanga woyamba anabadwa masiku asanakwane, nyengo yothyola fodya, papurazi ina, famu ya fodya, chakufupi ndi Wedza. Anali kamnyamata kochepetsetsa, kolephera n'kuyamwa komwe. Posakhalitsa maso ake anasanduka achikasu, kenaka thupi lonse. Amayi anzanga a mukomboni anati ndizimuwotchetsa kadzuwa ka m'mawa. Ndinatero, koma chikasucho chinkangokulirakulira.

Kukiliniki sisita anamuyang'ana n'kupukusa mutu. "Mai, mwanayu afunika kugona pa nyale ya buluu. Yathu ilipo, koma magetsi kulibe. Thamangirani naye ku Marondera."

Bambo ake anakapempha lole kwa foromani. Anawayankha kuti lole ili pa fodya, ndipo fodya sadikira munthu. Tinachedwa kupeza choyendera, ndipo pomafika kuchipatala, mwana anali atayamba kale kuuma khosi. Moyo anapulumuka, koma samva, ndipo sanapondepo pansi. Pano ndi bambo wa ndevu zake. Womusambitsa ndine.

Mlongo wake, wobadwa pambuyo pake, sukulu inamukonda. Lero amagwira ntchito ku Harare, kumalo kofufuza za matenda. Chaka chatha anandiitana kuti ndikaone ntchito yake. Anandiveka chovala choyera, nandilowetsa m'chipinda chozizira bwino. Munali timabokosi tagalasi, m'katimo tiana ta makoswe topanda ubweya, tachikasu, titagona pansi pa nyale za buluu.

"Makoswe awa amabadwa ndi chikasu, amayi," anatero. "Tikufuna tidziwe m'mene chimawonongera ubongo wa makanda obadwa msanga."

Tili chiimire magetsi anathima. Ndisanaphethire n'komwe, jenereta inalira panja, nyale zonse n'kuyakanso. Mtima unandiwawa.

"Mukadzadziwa, achimwene ako adzayenda?"

"Iyayi, amayi. Tikuchitira ana amene akubwera."

"Ana a kuti? A mukomboni?"

Anayang'ana pansi, misozi ili lendelende. Ndikudziwa kuti ntchitoyi anaisankha chifukwa cha achimwene akewo, ndipo sindimuda. Koma chakudya chimene anandigulira masanawo sindinachidye, ndipo ndinakwera kombi yobwerera kwathu osagonako.

Nditafika, anzanga anandizungulira kufuna kumva zimene ndaona kutauni.

"Makoswe," ndinatero. "Amagona pabwino."

Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinawasiya akuseka, ndinakatunga madzi.