Ndowa ya Njereza ya Mayi Evanthia

Mayi Evanthia anabadwira ku Kornia, mudzi wa pamwamba pa phiri pa chilumba cha Krete. Anakula akuweta mbuzi m'mabwinja a makedzana ali kumunsi kwa mudziwo, kumene lero alendo amakhamukirako kukaona zipilala zakugwa. Kwa iwo zipilalazo zinali poyanikapo nkhuyu basi. Anakwatiwa ndi Sifis, munthu wosakonda zolankhula koma wodziwa kufinya maolivi. Mphatso ya mwana sanaione.

Ku Kornia kunali mwambo wake. Pasaka ikamayandikira, mayi aliyense ankapaka njereza nyumba yake, makoma, masitepe, mpaka thunthu la mtengo wa pakhomo. Yosapaka inali yokhayo imene mwagwa maliro. Imeneyo inkakhala yotuwa chaka chathunthu kuti wodutsa adziwe, atsitse mawu. Ndipo namfedwa sankayamba yekha kupakanso. Akatero anthu akanati malirowo sanamukhudze, kaya ankachita kuwayembekezera. Pankafunika mayi woyandikana naye nyumba abwere ndi ndowa ya njereza, apake mzere woyamba pambali pa chitseko, anene kuti kwakwana. Apo ndiye namfedwa ankatsegula wailesi, kuphika mazira ofiira a Pasaka, n'kupitanso ku maukwati ngati munthu.

Ndowa yotereyi mayi Evanthia anasenzera anzawo ambiri. Kenaka mudzi unayamba kutha. Ena anatsikira ku mahotela a kunyanja, ena ku Atene, ena ku Jeremani. Sukulu inatsekedwa, wansembe n'kumangobwera pa maliro pokha. Pamene Sifis ankamwalira, nyumba zofuka utsi zinali zitatsala ziwiri, yawo ndi ya mayi Garifalia, mnzawo wa paubwana. Chaka chisanathe, mwana wamkazi wa mayi Garifalia anadzawatenga, ati kutauni chipatala chili pafupi. Pokwera galimoto mayi Garifalia analonjeza kuti pa Pasaka abwera ndi ndowayo. Pasaka inafika, inapita. Inanso inafika, inapita, mpaka mayi Evanthia analeka kuwerenga.

Kunena zoona sankaliranso. Ankadzuka, kukama mbuzi, kumwa khofi, kusesa pakhomo, n'kukhala. Akamukumbukira Sifis mumtima munkangoti zii, ngati mwendo wochita dzanzi. Koma wailesi inali chifundikire nsalu, ndipo ku ukwati wa mwana wa mlongo wawo sanapiteko.

Mwana wa mlongo wawoyo ndi Mathios, woyendetsa alendo pa minibasi. M'mawa amawaonetsa zipilala, masana amawadyetsa m'tauni ina ya paphiri, madzulo ndiye ku Kornia, kumene iye amakutcha mudzi wopanda munthu, ngati kuti azakhali ake ndi mwala. Nanga alendowo tiwanene chiyani? Njereza yakale inasupuka, nyumbayo inafanana ndi mabwinja ena onse. Ankangokankha chitseko osaodira n'komwe, n'kumajambula jekete la Sifis lili pamsomali. Mtsikana wina anakuwa ataona mayi Evanthia pangodya akusenda nyemba. Eni nyumba anangomupatsa mpando ndi madzi akumwa.

Mathios zinamuchititsa manyazi. Anagula njereza yekha n'kubwera nayo, koma azakhaliwo anamufunsa ngati tsopano wasanduka mkazi, ndiponso ngati nyumba yake ili pafupi.

"Azakhali, akusekeni ndani kuno? Abuluzi?" anatero Mathios.

"Mwambo sufunsa kuti kuli anthu angati. Kaike ndowa yakoyo kuseri."

Kuseriko njerezayo inauma gwa.

Chaka chino Mathios anafufuza mpaka anawapeza mayi Garifalia. Mwana wawo anamuchenjeza kuti mutu sukugwiranso bwino, zalero amaiwala, zakale amasakaniza. Iye anati palibe kanthu, chofunika n'kamzere kamodzi. Sabata ya Pasaka isanafike anawakhazika kutsogolo mu minibasi, alendo kumbuyo, ndowa yatsopano pansi pa mpando.

Atatsika, miyendo ya mayi Garifalia inakumbukira njira yokha. Nyumba yawo yakugwa denga anaipitirira osaicheukira. Anadzaima pakhomo pa mnzawo, n'kuyang'ana khoma lotuwalo nthawi yaitali. Mayi Evanthia anatuluka akupukuta manja, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezi mtima unawagunda.

"Evanthia, mnzanga," anatero mayi Garifalia motsitsa mawu, "watisiya ndani muno?"

"Sifis."

"Sifis? Pepa, mnzanga. Ine osamva n'komwe."

Anachita chizindikiro cha mtanda n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa maliro a lero lomwe. Alendo aja anatsitsa makamera awo. Mayi Evanthia ankangoyang'ana misoziyo, ndipo anaichitira kaduka.

Mathios anathamangira ndowa ija, n'kuviika burashi, n'kuwagwiritsa gogoyo m'manja. Anawachonderera kuti angopaka kamzere kamodzi pambali pa chitseko, basi, kenaka akamwe khofi. Mayi Garifalia anayang'ana burashiyo, anayang'ana mnyamatayo, nkhope inasintha.

"Iwe unaleredwa kuti? Munthu wangoikidwa kumene, ufuna mudzi wonse umuseke mnzangayu?"

Mathios anatsegula pakamwa kuti afotokoze za zaka zapitazo, koma azakhali ake anamuletsa ndi maso. Akanatha kuwagwira dzanja gogoyo n'kulikhudzitsa kukhoma, koma iye ndi azakhali ake ankadziwa kuti mzere wokakamiza si mzere. Njereza inkangodonthera pa masitepe.

Mayi Garifalia anabweza burashi, n'kugwira manja a mnzawo onse awiri.

"Pirira, chaka chithe. Pasaka inayo ndibwera ndi ndowa yako. Ndakulonjeza."

"Ndidikira," anayankha mayi Evanthia.

Minibasi inatsika phiri pang'onopang'ono, mayi Garifalia ali chiyang'anire kunyanja. Mayi Evanthia anatunga madzi n'kutsuka madontho oyera aja pa masitepe asanaume, kuopa kuti wodutsa angaganize kuti ayamba okha. Ndowa yatsopanoyo anakaiika kuseri pafupi ndi inzake, n'kuivundikira ndi thabwa. Mbuzi zinali zitayamba kulira, ndiye anapita kukakama.