Kiyi Amene Anapita ku Chipata

Gasi wowotcherera zitsulo amanunkha ngati adyo wowola, ndipo mpaka lero ndikamva fungo limeneli pa Katete, m'manja mwanga mumayamba kuyabwa. Limandibwezera kumudzi kwathu kufupi ndi Mkaika, dzinja limene mvula inayamba pulawo yathu ili yothyoka.

Atate anali owotcherera. Anali mkamwini pamudzi pa amayi, ndipo kashedi kawo kanatsamira khoma la nyumba yathu. M'menemo munkaima mabotolo awiri aatali, lakuda la mpweya ndi lofiirira la gasi woyaka uja. Lofiiriralo linalibe chogwirira. Pamutu pake panali kachitsulo kangodyangodya kotsegula ndi kiyi wakewake, ndipo atate sankamuchotsapo kiyiyo, kuti moto ukabwerera m'paipi atseke msanga. Chizolowezi chimenechi n'chimene chinatipweteka. Lole itabwera kudzasintha botolo lotha gasi, kiyi anakwera nalo limodzi kupita ku Chipata.

Ndiye botolo latsopano lili chilili, lodzaza bwinobwino, pulawo ili gone pakhomo la shedi, mvula nayo osaleka. Amalume, eni ng'ombe zimene tinkalimira, anabwera ndi pulayazi m'manja.

"Alamu, gwirani ndi iyi mupotokole basi. Zovuta n'chiyani apa?"

"Pulayazi imatafuna mutu wa botolo," anayankha atate. "Ndikatsegula nayo, ndidzatseka ndi chiyani?"

Amalume anatsonya, n'kupita ndi ng'ombe zawo kukalimira ena. Ife tinatola makasu.

Eee, ndinatopa ine chaka chimenecho. Tinkapita kumunda mame asanakamuke, amayi patsogolo, ine pambuyo, mng'ono wanga Tadala akulira chifukwa cha linthumbu. Dothi lonyowa linkakakamira kukhasu mpaka mapewa kuchita dzanzi. Matuza anaphulika, ena n'kumera pamwamba pake, ndipo mpini unkanunkha thukuta ndi magazi. Ukaweramuka n'kuyang'ana kutsogolo, munda uli pomwepo, ngati sunalimepo. Kwa anzathu chimanga chinali chitamera kale.

Atate nawo ankalawirira pa njinga kukasaka kiyi. Pa Katete anapeza owotcherera ambiri atasamukira ku makina amagetsi, kiyi wa gasi alibe. Tsiku lina anabwera ndi kiyi wobwereka, koma anali wamkulu, ankangozungulira pamutu pa botolo osagwira. Anamubweza. Ankafika matope mpaka m'mawondo, kudya, kugona, m'mawa mwake ulendo. Pamudzi anawapatsa dzina, ankati aKiyi, ndipo pachitsime atsikana anzanga ankandifunsa ngati botolo lathu labereka.

"APhiri, nthaka sidikira munthu," amayi anawauza atate tsiku lina, akupaka mafuta m'manja mwanga. Sanakalipe. Mawu awo anali otopa basi. Ine ndiye ndinkawada atate, ndinene zoona. Ndinkati ndi amantha, munthu wamkulu kuopa kachitsulo kochepa ngati chala changa.

Kiyi woyenera atate anakamupeza ku Sinda, kwa mkulu wina wokonza maredieta a galimoto. Atafika naye kunyumba anamukoleka pamutu pa botolo ndipo anakhala kuti gwa. Anatithamangitsira kumtengo wa mango, n'kutsegula pang'ono chabe, osafika n'komwe pozungulira kamodzi. Kenako anapaka thovu la sopo polumikizira paipi, n'kumayang'anitsitsa ngati litukuke. Silinatukuke. Anayatsa moto, ndipo amayi asanamalize kuyanika zovala, pulawo inali italumikizika. Kufulumira kumeneko kunandipweteka kuposa matuza. Masabata onse aja chifukwa cha kanthawi aka!

Tinabzala mochedwa, chimanga chinakula chofupika, ndipo nkhokwe sinadzale. Chaka chotsatira njala inatipeza msanga, ndipo amalume sanaleke kuwakumbutsa atate mpaka imfa yawo.

Nthawi imeneyo ndinkaona munda wokha. Ndili wamkulu kale, atate atamwalira, tinapita kukagumula shedi ija, ndipo ndinaima pamene pankaima botolo lofiirira. Unyolo wolimangira unali ukadali m'khoma. Ndinagogoda khomalo, la njerwa zosawotcha, lopyapyala, ndipo mwana wanga anayankha ali mkati mwa nyumba. Kuseri kwake n'kumene ine ndi Tadala tinkayala mphasa yathu.