Tambala Wofiira ndi Babu la Pagolosale

Fungo la nthenga zoviikidwa m'madzi otentha limandibwezera ku Zalewa, chaka chomwe mwini golosale yoyandikana nafe anaika babu lalikulu panja poopa akuba.

Sabata yomweyo tambala wanga wofiira anayamba kulira anthu atangogona kumene.

"Awa ndi malodza," anatero bambo. "Akuitana maliro pakhomo pano."

Kutacha anamudula khosi. Ndinamusosola ndekha ndikulira, ndipo ndiwo zake sindinadye.

Usiku wa tsiku lomwelo tambala wathu wachiwiri analira. Bambo anatenga mpeni, ine ndi amayi tikuwatsata. Pabwalo panali ngwee ngati masana, koma popanda munthu, ndipo kumwamba kunalibe nyenyezi. Kuwala kwa babu lija kumalowa m'mipata ya khola. Nkhuku zonse zinali chiimire, maso ali tong'oo, zikutiyang'ana.

"Taimani kaye, abambo," anatero amayi monong'ona.

Anavula chitenje chapamwamba n'kuphimba mbali ya kholayo. M'katimo munada bii. Tinamva nkhuku zikukhala pansi imodziimodzi, kenaka zii. Tambala uja sanalirenso.

Bambo anaima nthawi yaitali, mpeni uli m'manja, akuyang'ana nthenga zofiira zomwe zinali mbwee pamapazi awo.