Kuseri kwa kabati yamafayilo

Chaka chimene abwana anaganiza zoti ofesi yathu izioneka ngati ya kampani yeniyeni, anasankha ine kuti ndilandire akatswiri ojambula mapulani ochokera ku Blantyre. Ntchito yathu ndi yotengera alendo kuphiri la Zomba, ndiye abwana ankafuna makoma obiriwira ndi chizindikiro cha kampani paliponse, mwina ndi pamphumi pathu pomwe.

Anabwera awiri, tepi yoyezera kumanja, Chizungu cha m'mphuno. Ine kunyada, mapewa m'mwamba. Titafika kuseri kwa kabati yamafayilo, mayi amene ankatsogolera anafunsa kuti, "Nanga apa mumachitirapo chiyani?"

Ndinkadziwa. Tonse tinkadziwa. Amesenjala athu, bambo achikulire a ku Malosa, ankaswalira pamenepo masana alionse, chifukwa ife tikapita kukadya iwo ndiwo ankatsala kudikirira ofesi, moti kumzikiti sakanatha kupita. Palibe anawapatsa malowo, palibenso ankawatchula. Ukabwerera msanga n'kuona nsapato pambali pa kabati, unkayenda monyang'ama, foni n'kukayankhira panja. Ulemu wathu unali kukhala chete.

Ndiye ndinapitiriza kukhala chete. Koma ndisaname, ndinachitanso manyazi kuti alendowo atiyesa achimidzi.

"Palibe," ndinatero. "Fumbi basi."

Pulani itabwera, kabati munalibe. Pamalo paja anaikapo sofa ya alendo, khoma lakumsewu lonse likhale galasi kuti odutsa aziona chizindikiro. Ofesi yonse poyera ngati bwalo la mpira. Abwana anaomba m'manja n'kusaina. Panali masabata atatu amisiri asanayambe, ndipo tsiku lililonse ndinkati ndilankhula mawa. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndimadzikwiyirabe mpaka lero.

Pomwe tinkalowa mu ofesi yokonzedwayo n'kuti mvula itayamba. Tsiku lachitatu ndinabwerako msanga kokadya, n'kukumana ndi amesenjala aja pakhomo akuchokera koswali kuseri kwa nyumba, komwe timataya makatoni. Malaya anali atamatirira kumsana, mawondo a buluku ali matope okhaokha. Mtima unandiwawa kwambiri.

"Bambo, mwanyowatu," ndinatero.

"Palibe kanthu, achemwali," anayankha akupukuta ndevu. "Anthu aja ndi alendo, sakanadziwa. Akanakufunsani inuyo, ndikudziwa kuti mukanawauza."