Botolo la pa Manda a Amalume

Linali laling'ono, lalifupi ngati chule wokhala pansi, la galasi lokhuthala lobiriwira, pakamwa pake pobenthuka pang'ono. Linkakhala pa bokosi la sopo limene amalume ankalemberapo, ndipo ine sankandilola kulikhudza ngakhale ndi chala. Inki ikatsala pang'ono ankadonthezeramo madzi n'kuligwedeza pafupi ndi khutu, ngati akumvetsera mawu amene atsalamo.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi. Ndiwo anandilera, chifukwa bambo anatengedwa kukasenza katundu pa nkhondo ya azungu, osabwerako. Tinkakhala ku Nancholi, pa nthaka imene makolo athu analima kuyambira kalekale, koma imene tsopano ankati ndi ya mzungu wa esiteti. Kuti tikhalepo tinkamugwirira thangata. Nyumba ndi yako, koma mvula ikagwa khasu lako liyambe kaye m'munda mwa mwini malo.

Lero anthu olankhulira anzawo ku Boma ali ndi bungwe, amavala mataye, amakhala pamipando. Nthawi imeneyo kwathu kunalibe bungwe. Kunali amalume ndi botolo lawo basi. Anaphunzira ku mishoni, anagwirako ukalaliki m'sitolo ya m'tauni, kenako anangousiya. Loweruka masana pakhonde pathu pankadzaza: amuna a ku Ndirande, Ayao a zisofiya zoyera ochokera ku Limbe, Alomwe obwera kumene amene Chinyanja chinkawavuta. Aliyense ankanena chake, amalume n'kumalemba pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano. Lolemba m'mawa ankavala jekete loyera n'kuyenda wapansi mpaka ku Boma, nsapato zili m'manja kuopa fumbi. Chipewa sankavala. Ankati mutu wopanda chipewa suvulira munthu.

Makalata amenewo sindidziwa ngati alipo amene anayankhidwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti akuluakulu a mpingo anawaimitsa pa mgonero, ati makalata awo akuika mpingo m'kamwa mwa Boma. Sanasiye kupemphera. Ankangokhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, n'kumaimba mokweza kuposa onse.

Ine ndinali mwana wamtima wapachala, ndipo sindinasinthe kwenikweni. Wina akangondiseka, chibakera chinkafika mawu asanathe. Amalume sankandimenya. Ankandikhazika pansi n'kundiloza botolo lija. Mawu awo ndimawamvabe: "Mkwiyo wako ndi moto wa mapesi, mphwanga. Wanga ndimauthira umu, uzituluka pang'onopang'ono." Ine ndinkaona ngati ndi mantha chabe. Munthu wamkulu, wamapewa ngati amenewo, n'kumalimbana ndi mzungu ndi kapepala?

Chaka chimene nkhondo inatha, kutatentha kwambiri mvula ili pafupi, kunabwera chimfine chachikulu chija. Sukulu inatsekedwa. M'mudzi munkanunkha masamba owiritsa ndi utsi, ndipo kulira kwa maliro kunkachoka nyumba iyi kulowa iyo, mpaka anthu analeka kulira, mawu atawathera. Amalume anadwala masiku anayi. Tsiku lachisanu m'mawa amayi anatuluka m'nyumba mwawo atanyamula jekete loyera lija, ndipo ndinadziwa.

Vuto linali kowaika. Ku manda a mishoni akuluakulu anakana, ati munthu wamwalira ali woimitsidwa. Manda a makolo athu analipo, koma msitu wake mzungu anali ataugwetsa chaka chathacho, n'kutentha, n'kuzula zitsa, kuti adzalepo mitengo ya bulugamu. Kalata yomaliza ya amalume inali yodandaula za manda omwewo. Amayi anakagwada kwa kapitawo wa esiteti, munthu amene amalume anamulemberapo kalata mkazi wake atagwidwa pa nkhani ya msonkho. Kapitawoyo anayang'ana uku ndi uku, n'kuvomera kuti tiwaike chakumapeto kwa malo opsawo, koma pasaoneke mtumbira, pasaimikidwe mtanda, pasakhale mwala. Mzungu akadzadutsa pa kavalo aone nthaka yosalala.

Tinalipo anthu asanu ndi awiri. A pakhonde aja ena anali chigonere, ena anali atatsogola kale. Dzuwa linali paliwombo, phulusa likutentha kumapazi. Adzukulu awiri okumba manda, iwonso akutsokomola, anakwirira n'kusalaza bwinobwino, dothi lotsala n'kulimwaza patali. Onse atatembenuka, amayi anatulutsa botolo lija m'nsalu, n'kulikwirira chakumutu, kungosiya kukamwa kwake kukuonekera pang'ono. Anati zinthu zikadzafewa tidzabwera kudzaikapo mwala. Ndinaona ndi maso angawa. Ndinamva ndi makutu angawa. Sindinganame kuti sindinkadziwa.

Patapita masabata atatu sukulu inatsegulidwa. Mabenchi ambiri anali opanda anthu. Aphunzitsi, munthu wowonda wokonda kuloza ndi ndodo, anayamba ndi phunziro la kudzichepetsa. Dzina sanatchule. Anangoti pali anthu ena amaphunzira zilembo pang'ono n'kuyamba kulimbana ndi aulamuliro, ndipo mapeto ake amakatayidwa kutchire ngati galu. Ana onse anatembenuka kuyang'ana ine.

Sindikumbuka kuti ndinatuluka bwanji. Ndimangokumbuka kuthamanga, minga kumapazi, mitambo yakuda ikusonkhana pa phiri la Soche. Ndinafika pa malo opsa aja, ndinafufuza mpaka kuona kagalasi kakunyezimira, ndinafukula ndi zala. Miyala inali mbwee njira yonse, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono. Koma ine ndinkafuna kuti chowagenda chikhale cha amalume, kuti iwo eni ake ayankhe. Umu ndi mmene mutu wanga unkayendera, ndipo mpaka lero ndikaganiza ndimafuna kudzimenya khofi.

Ndinabwerera ku sukulu thukuta lili kamukamu. Ndinaima pakhomo n'kuponya ndi mphamvu zanga zonse. Aphunzitsi sindinawalase n'komwe. Botolo linakamenya khoma la njerwa pamwamba pa bolodi, n'kumwazika. Munalibe ngakhale dontho la inki, munali dothi lokhalokha. Tsiku lomwelo anandichotsa sukulu, ndipo sindinapondenso m'kalasi.

Mvula inandipeza panjira. Inali yoyamba yeniyeni, yamatalala, yogwetsa nthambi. Ndinayenda m'menemo chifuwa chili patsogolo. Amayi ndinawapeza akulowetsa nkhuni, ndipo ndinawafotokozera zonse monyadira, osasiyako kanthu, ndikudikira kuti anene kuti ndine mwamuna. Anaika nkhuni pansi. Sanandimenye, sanakalipe.

"Pamene unalizulapo unasiyapo chiyani?"

Ndinati palibe.

Anayang'ana mvula ija, madzi ofiira akuyenda pabwalo ngati mtsinje. Kenako anati, "Amene waponyayo ndi malume ako."

M'mawa mwake tinapita. Malo onse anali thope losalala, phulusa litakokoloka, ngalande zatsopano zitang'amba paliponse. Ine ndinkati ndi apa, amayi ankati kapena apo. Tinazungulira mpaka dzuwa kupendeka. Mwa adzukulu aja mmodzi anali atamwalira, winayo anathawira kwawo ku Mulanje. Ena amene analipo aliyense ankaloza kwake. Kapitawo anati iye sakudziwa za maliro alionse, ndipo tisamuchotsetse ntchito.

Zaka zapita. Amayi anamwalira, ine ndimasenza mabelo a fodya ku Limbe. Mwezi wathawu kunabwera amuna atatu a bungwe lija, a mataye, kudzandifunafuna pa geti. Ati akulemba za anthu amene anayamba kulankhulira mtundu m'boma lino la Blantyre, ndi kumene aliyense anagona. Wina ali ku manda a mishoni, wina ku manda a Asilamu, wina kwawo kuseri kwa Michiru. Anati dzina la amalume limatchulidwa ndi okalamba kulikonse kumene afunsa, ndipo akufuna kukaika mwala wolembedwa pa manda awo. Mwala womwe amayi ankanena uja.

Ndinapita nawo Lamulungu. Mitengo ija tsopano ndi italiitali, mizeremizere, yofanana ngati asilikali, pansi pali makungwa ndi masamba onunkhira mankhwala. Tinayenda, tinabwerera, tinayendanso. Mmodzi wa iwo, wamng'ono kwa ine, anapukuta nsapato yake ndi mpango n'kunena kuti n'zodabwitsa mphwake weniweni osadziwa pamene pagona malume wake. Chibakera chinakungika chokha. Ndinachilowetsa m'thumba, ndipo chinakhala momwemo mpaka tinasiyana. M'buku mwawo analemba kuti manda sadziwika. Sindinawauze chifukwa chake. N'chifukwa chake ndabwereka cholembera kuti ndinene pano, ndi zilembo zanga zokhotakhota za munthu wochotsedwa sukulu.

Pali chinthu chimodzi chimene sichindichoka. Sabata yotsatira mvula ija, thangata wa chaka chimenecho anali wodzala bulugamu pa malo omwewo, ndipo amayi anali m'gulu la odzala. Ine, poti sukulu kunalibenso, ndinkawanyamulira mbande m'dengu. Anzawo ankangokumba, kuponyamo, kupondereza ndi chidendene, n'kupita patsogolo. Amayi ayi. Titafika chakumapeto kuja, pa dzenje lililonse ankayamba agwada, n'kuwomba m'manja katatu mwakachetechete, ndipo pokhapo n'kuikamo mbande. Dzenje lililonse, mzere wonse, ndi mzere winawo. Kapitawo anawakalipira kuti akuchedwetsa ntchito, iwo n'kugwada pa dzenje lotsatira.

Ine ndinaima pambali ndi dengu langa, mtima ukuwira. Ndinkati taonani amayi anga, mlongo wawo wa munthu amene sankavulira mzungu chipewa, akugwadira mitengo ya mzungu.