Kawayilesi ndi Nyimbo ya Msanga

Wayilesi ya aphunzitsi inali yabuluu, yozungulira ngati sefuliya yoimika chammbali, ndipo inkakhala pamwamba pa batire lalikulu kuposa njerwa ziwiri. Kutsogolo kwake kunali kansefa komwe mawu ankatulukira. Waya wina wautali aphunzitsi anaukoleka mumtengo wa mango kuseri kwa kalasi, amati ndi umene umakola mawu ochokera ku Lusaka. Ife tinkakhulupirira kuti mawuwo amayamba atera mumtengomo ngati mbalame, kenako n'kutsetsereka ndi waya. Mpaka lero ndikatsinzina ndimamva fungo lake ikatentha, fungo la fumbi lopserera, ndi kaphokoso kaja ka ngati mafuta m'chiwaya munthu asanayambe kuyankhula.

Masiku ano adzukulu anga amaonera nyimbo zowerengera manambala pakanema, zina pafoni yanga yomweyi, imene amati tsiku lina idzandimera m'khutu. Amavina, amaomba m'manja, ine n'kumangowayang'ana. Ifetu kanema tinalibe, abale. Zinali zaka za Chitaganya, azungu ataphatikiza maiko atatu pamodzi, Chipata akadali Foti Jemusoni, ndipo kwathu kumbali ya Kasenengwa zithunzi tinkadzijambulira tokha m'mutu. Koma nyimbo tinali nazo.

Lachitatu lililonse dzuwa likakwera, aphunzitsi ankavundukula kansalu pawayilesi, n'kutiloza ndi choko kuti tikhale chete. Kenako kunkabwera mawu a mayi wina, osalala bwino, akuti moni ana nonse a m'masukulu. Ife tonse, moni amayi! Ngati akutimva. Mayiyo ankaimba mzere umodzi, n'kusiya mpata kuti tibwereze. Panali nyimbo ya zala khumi, imene inandiphunzitsa kuwerengera ndisanadziwe kugwira pensulo. Panali ya ntchentche, yoti ntchentche ilibe nsapato, imaponda kuchimbudzi n'kudzaponda pambale yako. Eee, imeneyo tinkaseka mpaka aphunzitsi kumenya tebulo. Sukulu ndinalekeza panjira, zambiri ndinadziphunzitsa ndekha ndili wamkulu, koma nyimbo zija palibe ndi imodzi yomwe inagwa.

Imene tinkaikonda koposa inali iyi:

Mwana akatsekula m'mimba, amayi musagone,
Mmwetseni madzi owiritsa, pang'ono pang'ono,
Mberekeni, chipatala chili chotsegula,
Msanga, msanga, msanga!

Pa mawu omalizawo tinkaomba m'manja katatu, phwa, phwa, phwa, ndipo ndi pamene panali kukoma konse. Mizere itatu yoyambayo tinkangoithamangitsa kuti tifike poombera. Atsikana tinaisandutsa nyimbo yodumphira chingwe. Wophonya pa msanga wachitatu ankatuluka.

Ine ndinali mwana wolongolola. Chilichonse chimene ndamva kusukulu ndinkafika nacho kunyumba chikadali chotentha, n'kuchikhuthula pabwalo osafunsidwa. Amalume ndiwo anandipatsa dzina loti Kawayilesi. Ankati, mlongo wanga, kamwana kakoka kalibe pozimitsira? Amayi n'kumaseka.

Bambo anali kumigodi, chaka chachiwiri osabwera. Pakhomo pathu mawu omaliza anali a amalume, mwini mbumba, monga mwa mwambo wathu. Ndisawanamizire, sanali munthu wankhanza. Ankatibweretsera nzimbe atamangirira panjinga, ndipo kamlongo kanga, kakhanda kamene kanali katangoyamba kukwawa, ankakanyamula pakhosi n'kumayenda nako pabwalo kakuwakoka tsitsi. Koma anali ndi chilonda mumtima. Anagwirapo ntchito kumunda wa fodya wa mzungu, pamalo pomwe makolo awo ankalima asanasamutsidwe. Ku Boma, sitolo zina ankagulira pawindo, pakhomo ayi. Ndiye akamva wayilesi yomweyo ya aphunzitsi, madzulo amuna atasonkhana kumva nkhani, ikunena kuti Chitaganya n'chabwino, akuda ndi oyera ayendera limodzi, ankalavula pansi n'kunyamuka.

Pakamwa ponama m'mawa sipanena zoona masana. Amenewo ndiwo anali mawu awo.

Nyengo imeneyo mphekesera zinali ponseponse ngati ntchentche zomwezo. Ena ankati shuga wa m'sitolo athiramo mankhwala oti anthu akuda asabereke. Ena ankati kuli anthu opopa magazi oyenda pagalimoto, ndipo wolowa kuchipatala cha boma amatuluka atachepa. Lero munthu ukhoza kuseka. Koma taganizani: anthu amene akulanda munda, akukuletsa kulowa pakhomo la sitolo, akukulowetsa m'Chitaganya iwe ukukana, mawa abwere ndi kanyimbo kokoma akuti tipatseni mwana wanu timchize. Mungapereke mosavuta? Ine sindiwaweruza anthu aja. Ndayesapo, zimandikanika.

Choncho amalume analamula kuti nyimbo za m'wayilesi zizithera kusukulu. Pakhomo pawo ayi. Ine ndinkaziimbira kuchitsime, kapena chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Amayi ankandimva ndithu. Tsiku lina tikutsuka mbale anandifunsa motsitsa mawu kuti, ija ya mwana wotsekula imati bwanji? Ndinawaimbira yonse, n'kuomba m'manja katatu ndi manja onyowa. Kuyambira pamenepo madzi a kamlongo kanga ankawawiritsa, amalume akafunsa n'kumati ndi osamba.

Mvula yoyamba inagwa, mango anapsa. Pansi pa mitengo panali mango ophwanyika okhaokha, fungo lotsekemera lowola, ntchentche zobiriwira zili ng'wii. Ana tinali ndi zilonda m'mbali mwa milomo chifukwa cha utomoni. Kamlongo kanga kankakwawa paliponse, chilichonse n'kuika mkamwa.

Kanayamba kutsekula Lolemba masana. Ndikukumbukira tsikulo chifukwa matewera onse anathera pachingwe, amayi n'kung'amba chitenje chawo chakale.

Lachiwiri m'mawa, dzuwa litangotuluka, ndinapeza amayi atavala diresi la kutchalitchi, mwana ali kumbuyo, botolo la madzi lili m'manja. Anandiuza kuti, wina akafunsa, unene kuti ndapita kuchigayo. Koma chimanga pamutu analibe. Ine, wanzeru zanga, ndinazindikira pompo. Mtima unadumpha ndi chimwemwe. Amayi anga akuchita zimene nyimbo imanena! Amayi anga, osati a wina! Ndinaona ngati mayi wa m'wayilesi uja atitchula dzina Lachitatu.

Amalume anatulukira kuseri kwa nkhokwe ali ndi khasu paphewa. Sanafunse n'komwe. Ndinathamanga ndekha kukawachingamira, ndikudumpha, n'kufuula kuti amayi akupita kuchipatala ngati m'nyimbo, msanga, msanga, msanga! Ndipo ndinaomba m'manja. Katatu.

Ndalankhula zambiri pamoyo wanga. Ndalankhula m'minibasi, m'maliro, pamsika, pafoni mpaka batire kutha. Koma mawu amene ndikanakonda kuwameza ndi amenewo basi.

Amalume anatsitsa khasu pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anaima panjira, n'kunena kuti, mlongo wanga, mwana uyu bambo ake anamsiya m'manja mwanga. Ukampereke kwa anthu aja chifukwa cha nyimbo ya kamwana? Amayi anati, achimwene, taonani maso ake. Iwo anati, ndaona, ndi liwombo ili, mankhwala ake ndikuwadziwa. Amayi anaima nthawi yaitali. Kenako anabwerera m'nyumba n'kuvula diresi lija. Ine sanandiyang'ane, sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya.

Amalume sanapite kumunda tsiku limenelo. Anapalasa njinga kupita mudzi wachitatu, n'kubwera ndi mizu ndi phala lakuda lopaka pamutu. Anapaka okha, ndi chala chawo chachikulu chong'aluka ndi khasu, mofatsa ngati akugwira dzira. Ankakakonda kamwana kaja. Ichi ndicho chimandivuta mpaka lero: onse awiri ankafuna chinthu chimodzi.

Lachitatu ndinapita kusukulu. Mayi wa m'wayilesi anatipatsa moni, ife tinayankha. Anatiphunzitsa nyimbo yatsopano ya masiku a sabata, kenako anati tibwereze yakale ija. Kalasi yonse inaomba m'manja, inenso ndinaomba. Pomaliza ndinakweza dzanja n'kuuza aphunzitsi kuti kwathu kuli mwana wotsekula weniweni, ngati ndikunena kuti kwathu kwabadwa ng'ombe. Aphunzitsi anasiya kukulunga waya. Anafunsa kuti wayamba liti. Nditanena, anavala chipewa, n'kusiya kalasi m'manja mwa mnyamata wamkulu, n'kunditenga.

Anakambirana ndi amalume pansi pa mtengo, ine anandithamangitsa. Ndinangomva zidutswa. Aphunzitsi ankati, inenso Chitaganya sindichifuna, akulu, koma matenda alibe chipani. Amalume ankati, inu mumadya za boma, mungati chiyani. Aphunzitsi anachoka chipewa chili m'manja.

M'nyumba, kamlongo kanga kanali katasiya kulira. Ine ndinaganiza kuti kakuchira. Pamutu pake, pamene pankagunda ndikaikapo chala, panali patalowa ngati kambale. Milomo inali youma ngati khoko la mtedza. Amayi ankakadonthezera madzi ndi supuni, madziwo n'kumatsikira m'khosi.

Lachinayi m'mawa palibe anauza amalume kanthu. Analowa okha m'nyumba, anayang'ana pamphasa, anatuluka, n'kuyamba kupopa matayala a njinga. Ndimakumbukira phokoso la pampu ija, fwii, fwii, mothamanga ngati munthu wobanika. Anapinda thumba n'kuliika pakaliyala. Anangouza amayi kuti, vala diresi lija, tiye. Amayi anakwera, mwana ali kumbuyo. Msewu unali matope okhaokha chifukwa mvula inali itagwa, ndipo ndinawaona amalume ataimirira pamapedulo, msana utapindika, mpaka anakhota pamitengo ya bulugamu.

Ndinasangalala. Ndinati nyimbo yapambana.

Anabwera tsiku lomwelo dzuwa litapendeka. Ndinawaona patali: amalume akukankha njinga, amayi akuyenda pambuyo. Mwana anali kumbuyo monga mmene anapitira, koma chitenje chinali chitaphimba mutu wonse. Ndinathamanga kukawalandira, ndikufunsa kuti wachira? Amupatsa chiyani? Mzungu munamuona? Amayi a nyumba yoyandikana anatuluka, anayang'ana kamodzi, n'kuika manja kumutu.

Pambuyo pake ndinamva amayi akuuza azimayi anzawo, kamodzi kokha, ndipo sanabwerezenso moyo wawo wonse. Anati namwino, munthu wakuda ngati ife, wolankhula Chinyanja chathu chomwechi, anamulandira mwana, anayesa zimene anayesa, kenako ananena motsitsa kuti, mayi, mukanabwera dzana.

Dzana. Tsiku la diresi.

Kumudzi ena anati, mwaona, chipatala chamudya. Amalume sanavomereze, sanatsutse. Anakumba nawo manda, kadzenje kakang'ono, ndipo atabwerako anakhala masiku angapo osakwera njinga. Ine ndinakwiyira nyimbo. Ndinkati yanama. Inati mberekeni, anamubereka. Inati chipatala chili chotsegula, anapita. Nanga bwanji? Lachitatu lotsatira ndinakhala manja ali m'khwapa, anzanga akuomba.

Patapita sabata ziwiri kapena zitatu, mango atatha, ndinapeza amalume atakhala pachitsa kuseri kwa nkhokwe masana, akusema mpini umene unali utasemedwa kale. Anandiitana ndi dzina lija limene anali atasiya kulitchula. Anati, Kawayilesi, tabwera. Tayatsa nyimbo ija. Yonse, usadumphe.

Abale, ndinakondwa! Ndinati chiletso chatha, amalume andikhululukira, ndipo mkwiyo wanga ndi nyimbo unathera pomwepo. Ndinaima mowongoka ngati kusukulu, manja m'mbali, n'kuimba mokweza kuti mudzi wonse umve. Amayi anali pamtondo, ndinamva munsi utaima. Nditafika kumapeto ndinaomba m'manja, phwa, phwa, phwa, ndikumwetulira.

Amalume anati, bwereza pomalizapo. Usaombe. Ungonena.

Ndinanena. Msanga, msanga, msanga. Popanda kuomba, mawuwo anamveka achilendo mkamwa mwanga, opanda kukoma, ngati ndiwo zopanda mchere.

Iwo anaika mpeni pansi, anatambasula dzanja lamanzere, n'kuyamba kupinda zala. Chimodzi. Chachiwiri. Chachitatu. Anaziyang'ana zala zitatuzo nthawi yaitali, milomo ikugwedera ngati akutchula masiku. Kenako anatambasula, n'kuyambiranso. Chimodzi, chachiwiri, chachitatu.

Ine ndinaona kuti akukakamira pa zitatu. Ndinaganiza kuti amalume, amene sanapiteko kusukulu, akufuna kuphunzira kuwerengera, ndipo akuchita manyazi kupempha. Ndinawagwira dzanja lija, n'kuwauza kuti asadandaule, iliponso nyimbo ina ya zala, imafika mpaka khumi, ndiwaphunzitsa.